Nsalu ya pa 7 Epulo

Pakhoma la m'nyumba mwathu pamakhala kalendala ya kutchalitchi. Masiku a tchuthi amalembedwa mofiira. Tsiku la 7 Epulo ndi lakuda ngati masiku ena onse a ntchito, koma kalendala yatsopano ikangofika, akazi anga amatenga cholembera n'kulizunguliza. Achita zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Nthawi yonseyo ndinkakaona kamzere kozungulirako n'kungodutsa. Chaka chatha tsiku limeneli linatsala pang'ono kundichotsera mkazi m'nyumba, ndipo mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti nkhaniyo inatha.

Akazi anga kwawo ndi ku Mozambiki, kutsidya kwa malire, ulendo wa maola atatu pa njinga yamoto msewu ukakhala wouma. Chilankhulo chawo ndi chathu chomwechi, kupatula mawu ochepa a Chipwitikizi omwe amawapulumuka akakwiya. Tinadziwana pamsika wa m'malire, komwe ndinkapita kukagula mbewu ya mbatatesi. Pa mwambo wathu ine ndiye ndikanapita kukakhala kwawo. Koma minda inali kuno, mayi anga anali amasiye, ndipo akuchikazi analola chitengwa. Akazi anga anabwera ndi sutikesi imodzi ndi lichero. Mudzi wathu uli kumtunda kwa Chimbiya, kumene mphepo siipuma, ndipo miyezi yoyamba milomo yawo inkang'ambika ndi kuzizira.

Epulo woyamba anatipeza tikukumba mbatatesi. Tsikulo tinapangana kuti tonse tikathandize m'munda mwa mayi: ine, akazi anga, ndi alongo anga aakulu, amene ndi oyamba kubadwa m'mimba mwathu. Nditatuluka m'nyumba ndi khasu, ndinapeza akazi anga asamba kale, adzola mafuta, avala nsalu yatsopano ya maluwa achikasu ndi duku lake. Anali atakhala pampando wanga pakhonde, manja ali pamiyendo.

"Kodi kuli ulendo?" ndinafunsa.

"Lero ndi pa seveni," anayankha akumwetulira. "Madzi a tiyi muteleke ndinu."

Ndinayesa ndi nthabwala za ukwati watsopano. Ndikuseka choncho, mayi ndi alongo anga anafika atasenza matumba opanda kanthu. Mayi anaima n'kuwayang'ana apongozi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Apongozi, m'thupi simuli bwino? Mukupita kuchipatala?"

Akazi anga anatsika pampando, anagwada, n'kufotokoza. Anati kwawo tsiku limeneli ndi la akazi onse. Maofesi ndi sukulu amatseka. Mkazi sagwira khasu kapena mthiko. Amavala nsalu yatsopano, imene kwawoko amaitcha kapulana, n'kupita kubwalo kukavina, ndipo amuna ndiwo amatsala ndi miphika.

"Amuna n'kuphika?" anatero mayi. "Nanga tsikulo anthu amadya?"

Alongo anga anaseka mpaka thumba linagwa pamutu. "Alamu, kuno lathu lili mu Okutobala, la anakubala. Inu berekani kaye, nsalu zidzachita kukukwanani."

Sananene mwachipongwe. Akazi anga nawonso anaseka, pakuti nthawi imeneyo anali ndi pakati pa miyezi itatu, ndipo tinkadziwa awiri tokha. Sanavule nsalu ija. Anapita nayo kumunda, ndipo pofika masana maluwa achikasu aja anali atafiira ndi katondo.

Mimba imeneyo inapita padera mu Meyi. Yachiwiri inafika miyezi isanu ndi umodzi. Yachitatu sinabwere. Tinayenda m'zipatala, tinamwa zimene anthu ankati timwe, tinapemphera. Kenako tinasiya, popanda kuuzana kuti tasiya. Achibale ena ankandikokera pambali n'kumandiuza kuti mwamuna safa wopanda mbewu, akazi ali mbwee m'midzimu. Sindinena kuti ndinakana chifukwa cha chiyero. Ndinkawafuna akazi anga omwewa, ndiponso ndine munthu wosakonda phokoso.

Tsiku la anakubala limabwera dzuwa likuswa mtengo, anthu atatopa ndi kusosa. Dzulo lake ma minibasi amatsitsa ana pa Chimbiya, ochokera ku Lilongwe ndi kwina, aliyense ndi kajumbo ka nsalu, shuga, sopo, ena ndowa yapulasitiki. Pa wayilesi amawerenga moni wa ana kwa amayi awo tsiku lonse. Kwathu tinkasonkhana kwa mayi, pansi pa mtengo wa mapichesi. Lamulo lake ndi lakuti tsikulo anakubala sagwira ntchito. Mayi ankakhala pamphasa. Alongo anga, amene ali ndi ana asanu, ankakhala pambali pawo. Akazi a mng'ono wanga, a ana atatu, ankakhala pomwepo. Nkhuku zinkafunika kuphedwa, mpunga kuphikidwa, madzi kutungidwa. Palibe amene anawatuma akazi anga. Chaka choyamba anangodzuka okha n'kulowa kukhitchini, ndipo kuyambira pamenepo zinakhala choncho. Ife amuna tinkakhala pamipando kuseri kwa nkhokwe, tikukamba za fetereza.

Ngakhale nsalu yomwe ine ndinkapereka kwa mayi ankasankha ndi iwo. Nsalu amaidziwa. Amafikisa pakona ndi zala ziwiri, n'kuiyang'anitsa padzuwa, kuti aone ngati ili nsalu yeniyeni kapena yangolimba ndi sitachi.

Lamulungu lotsatira, kutchalitchi kwathu kwakung'ono, akatekisi ankati amayi onse aimirire tiwaombere m'manja. Zaka zoyamba akazi anga ankaimirira. Pambuyo pake, nthawi imeneyo ikakwana, ankawerama n'kumakonza lamba wa nsapato. Ine ndinkakhala mbali ya amuna. Ndinkaona, kenako ndinkabweza maso m'buku la nyimbo.

Chaka china, mwina chakhumi, ndinaganiza zochitapo kanthu. Ndinapita ndekha pa Chimbiya n'kugula nsalu ziwiri zopindidwa kale m'mapepala apulasitiki. Sindinazitambasule. Tsikulo nditapereka ya mayi, ndinawaitana akazi anga kuchokera kukhitchini. Anabwera akupukuta manja, maso atafiira ndi utsi, anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Atatambasula, nsalu yonse inali ndi chithunzi chimodzi chobwerezabwereza, mkazi atabereka mwana kumsana. Akazi a mng'ono wanga anatsokomola.

"Zikomo, abambo," anatero akazi anga. Anaipinda bwinobwino n'kubwerera ku miphika.

Pobwerera kunyumba anali patsogolo, atasenza mbale. Anayankhula osatembenuka.

"Ine ndinakuberekani?"

"Ndimafuna musamaoneke ngati osiyidwa."

"Ndiye mwandionetsa."

Nsalu imeneyo sanaivale. Patapita miyezi anakaipereka kwa mtsikana wina wapafupi amene anali atangochira kumene, kuti aziberekera mwana.

Epulo wotsatira ndinayesanso, ndipo ulendo uno ndinatambasula nsalu ndisanagule. Inali yobiriwira, yopanda chithunzi. Pa seveni ndinadzuka m'mamawa, ndinasesa pabwalo, ndinateleka madzi, ndinawaikira mpando pakhonde. Anathokoza, anasamba, anavala, anakhala. Anthu ankadutsa ndi makasu paphewa n'kumapereka moni, aliyense ndi funso lomwe lija lakuti kodi kuli ulendo. Dzuwa litakwera pang'ono akazi anga analowa m'nyumba, anavala zakumunda, n'kutenga dengu lokazulira nyemba. Ndinawatsatira.

"Nsaluyo sinakukondweretseni?"

"Nsalu ndi yabwino. Koma ndi imodzi."

"Mumafuna ziwiri?"

Anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anazula nyemba mizere ingapo asanayankhe.

"Kwathu nsalu timasankha mu Malichi, akazi a mudzi wonse, mtundu umodzi, wodulidwa pa mpukutu umodzi. Timakangana sabata yathunthu posankha. Tikatuluka pa seveni, mutatiyang'ana kumbuyo simungadziwe kuti uyu ndi mphunzitsi, uyu ndi wamasiye, uyu ali ndi ana khumi, uyu alibe. Tsiku limodzi pa chaka munthu safunsidwa kanthu. Inu mwandikhazika pakhonde ndekha ngati wodwala amene wamutulutsa kuti aothere dzuwa."

Ndinati ndamva. Ndinamvadi. Koma mawuwo ndinawaika pamene ndimaika zinthu zimene sindingazithe, ndipo anakhala pamenepo zaka zina khumi. Iwo anapitiriza kuzunguliza tsiku lawo pa kalendala, n'kumapita kumunda ngati wina aliyense.

Mayi anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Titatha mwambo wa maliro, ana aamuna a alongo anga anayamba kuyendera malire a minda, manja ali kumbuyo. Sanalakwe. Minda ya kwathu imatsata ana a mlongo, ndipo iwo ali ndi mabanja awo oti adyetse. Tsiku lina anaima nthawi yaitali m'mphepete mwa dimba lathu la kumtsinje, limene akazi anga analitsegula ndi manja awo pomwe panali bango lokhalokha. Akazi anga anali momwemo, akuthirira kabichi. Anawapatsa moni anyamatawo n'kupitiriza kuthirira.

Mu Febuluwale chaka chatha, tikukwezera mbatatesi, anandiuza kuti achimwene awo aimba foni. Amayi awo maso ayamba kuchita khungu, ndipo munda wawo wangogona.

"Akuti ndipite, ndikadyere komweko pa seveni. Adzatumiza wanjinga dzulo lake."

"Mukabwera liti?"

"Za kubwera sananene."

Tinalima mzere wina wonse. Kumapeto kwake anaimika khasu n'kulitsamira.

"Abambo, tsiku limene inu mudzagone, ine pano ndidzakhala ndani? Mwana wondiimira palibe. Ndidzachoka ndi sutikesi yomwe ija, koma nditakalamba. Bola ndichoke ndikadali ndi mphamvu yogwira khasu."

Sanakweze mawu. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti mvula ikubwera. Ine ndinati tidzakambirana.

Sitinakambirane. M'malo mwake, mu Malichi ndinakwera minibasi kupita kuboma, ndinalowa m'sitolo ya nsalu, n'kuuza wogulitsa kuti andidulire zisanu ndi imodzi pa mpukutu umodzi. Ndinasankha yabuluu ya masamba oyera. Kunyumba ndinaziika m'thumba la fetereza n'kulikoleka kudenga la kanyumba kosungiramo mbewu. Maganizo anga anali akuti akazi a m'mudzi muno avale pa seveni, ndipo ine ndiwauze akazi anga kuti asapite, tsiku lawo lawapeza konkuno.

Ndinayamba ndi akazi a mnansi wathu, amene amatunga madzi limodzi ndi akazi anga. Ndinakumana nawo panjira ya kumjigo, ndinawapatsa nsalu, ndinati adzavale pa 7 Epulo ndipo asauze munthu. Analandira akuyang'ana uku ndi uku. Ndinayesa ndi ulemu. Masana omwewo, mwamwayi akazi anga ali kudimba, mnansi wathuyo anafika pakhomo ndi nsaluyo m'manja. Anakana mpando.

"Bambo, ine ndimakulemekezani. Inu sukulu munapita nayo patali, kutchalitchi mumawerenga ndinu. Koma tandiuzani, mkazi wa mwini nsalu amamugulira ndani?"

Ndinayamba kufotokoza, koma mawu ankatuluka mosalongosoka.

"Ndi ya chipani?"

"Ayi."

"Ya ukwati? Ya kwaya?"

"Ndi ya tsiku la akazi la ku Mozambiki."

"Ndiye akazi angawo ndi a ku Mozambiki? Nanga zakuti asauze munthuzo?"

Anaisiya nsalu pampando womwe anaukana uja n'kumapita. Mpaka lero moni wake amandipatsa wouma.

Ndinalibe kwina kopita koma kwa alongo anga. Ndinawapeza akusenda nyemba. Nditawauza za mnansi uja anaseka mpaka kutsokomola.

"Imvi zili mbuu, mukugawa nsalu kwa akazi a eni ngati wofuna voti. Mukanapita kwa wachiwiri bwenzi pano tikukamba za mbuzi ya chindapusa. Bweretsani kuno, ndigawa ine. Koma zayamba bwanji zimenezi?"

Ndinawauza za foni ya kutsidya ndi zimene akazi anga ananena m'munda. Anasiya kusenda.

"Nanga inu mwawauza kuti asapite?"

"Sindinawauze."

"Mwawauza chiyani?"

"Kuti tidzakambirana."

"Achimwene, kodi pakamwa panupo mumasungirapo mbewu?" "Pa seveni pomwepo kukubwera lole ya ogula mbatatesi. Matumba anga ali kale mumsewu. Koma ndiona."

Ndinapangana ndi mtima wanga kuti pa 5 Epulo ndidzatsitsa thumba lija, ndidzawaonetsa akazi anga nsalu yawo, n'kuwapempha kuti akhale. Tsikulo ndinalowa m'kanyumba kaja kawiri. Ulendo wachiwiri ndinaitulutsa nsaluyo m'thumba, ndinaiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi. Munthu akukamba za ukalamba wake ndi za pomwe adzagone, ine ndikuyankha ndi nsalu ya masamba oyera. Ndinaibwezera. Ndinati ndidzanena mawa m'mawa. M'mawa mwake wanjinga anafika nkhuku zikungotuluka kumene, akuti akuthawa mvula ya masana. Akazi anga anatulutsa sutikesi. Ndinaimanga pa njinga ndine, ndi chingwe changa, ndipo ndinaimanga bwino.

"Nkhuku yamawanga ija ikukhalira mazira kuseri kwa mbaula, musaiiwale," anatero.

"Muyende bwino. Mukawapatse moni amayi."

Ndi zokhazo zimene ndinanena.

Alongo anga sanadziwe. Anali atagona masiku awiri ku maliro a kuchimuna kwawo, cha ku Mayani, ndipo anabwera mochedwa. M'mawa wa pa seveni kunali chifunga. Ndinamva odi pabwalo, ndipo nditasuzumira ndinaona akazi atatu atavala buluu wa masamba oyera: alongo anga, akazi a mng'ono wanga, ndi mayi wina wamasiye wa mumphakati wathu wa kutchalitchi. Awiri enawo njinga ija anaiona dzulo lake, koma anaopa kuwauza alongo anga, amene anachita kuwadzutsa ndi kuwaveka.

"Odi kuno, alamu. Tulukani, amuna anu ateleke tiyi, tione ngati moto amaudziwa."

Ndinatuluka ndine. "Apita dzulo."

Alongo anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa.

"Anatenga chiyani?"

"Sutikesi."

"Nsalu yawo munawaonetsa?"

Ndinapukusa mutu.

"Katengeni. Mukatero mukandiitanire wanjinga amene amadziwa njira za kutsidya. Lole ikabwera, matumba anga mukweza ndinu, ndipo musalole akunamizeni pa sikelo."

Alongo anga ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, msana umawavuta, njinga yamoto amaiopa, ndipo malire anali asanawolokepo chibadwire. Anakwera cham'mbali, dzanja lina atagwira malaya a wanjinga, lina atafumbata nsalu ija pachifuwa. Awiri otsalawo ndinawaphikira tiyi, pakuti sindinadziwe china chochita. Anamwa atakhala pakhonde, anati shuga wachepa, kenako anapita kukasintha. Ine ndinakhala mumsewu mpaka madzulo, ndikukweza matumba.

Alongo anga anabwerako tsiku lotsatira masana, fumbi lili m'nsidze, akuyenda chowerama. Anakhala pamphasa, anapempha madzi, anamwa makapu awiri. Ndinadikira.

"Njira yake ndi ya mbuzi," anayamba choncho. "Tinafika dzuwa litapendeka. Anatilozera kubwalo la sukulu. Achimwene, akazi bwalo lonse tho, ng'oma zikulira, onse nsalu imodzi yofiira, kuyambira nkhalamba mpaka atsikana. Ine ndekha wabuluu, ngati nkhanga m'khola la nkhuku. Aliyense kutembenuka kundiyang'ana. Palibe anandinyoza, ena mpaka anandipatsa moni, koma ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Ndinaima choncho mwina ola limodzi ndikufunafuna alamu, pakuti kumbuyo onse ndi ofanana. Ola limodzi lokha. Iwo aja kuno zaka makumi awiri."

Anapukuta kukamwa ndi nsonga ya nsalu.

"Anandiona ndi iwo. Anatuluka mumzere, anabwera, anayang'ana nsalu yanga, anayang'ana yomwe inali m'manja. Sanafunse kanthu. Anaitenga n'kuimanga pamwamba pa yofiira ija. Tinakhala awiri abuluu. Anandikokera m'bwalo, ndi msana wangawu."

"Anati abwera?"

"Zimenezo sindinawafunse. Si ine mwamuna wawo. Ine ndinanena zanga. Ndinawauza pamaso pa achimwene awo ndi amayi awo kuti dimba la kumtsinje ndi nyumba ino ndi za alamu mpaka tsiku lomwe tidzawanyamule, inu mulipo kapena mulibe, ndi kuti ndidzabwereza mawu omwewo pamaso pa ankhoswe ndi ana anga. Mawu amene mukanayenera kundipempha inu kalekale." Anayesa kudzuka, analephera, ndinawagwira dzanja. "Ndipo amuna a kumeneko kuphika satha. Mpunga wake ngati phala la mwana."

Ndinadikira masiku khumi ndi awiri. Sindinaimbe foni, chifukwa sindinkadziwa ngati funso langa lingawakankhire uku kapena uko. Ndinkathirira kabichi wawo m'mawa uliwonse. Nkhuku yamawanga inaswa anapiye asanu ndi awiri, awiri anatengedwa ndi kabawi. Pa tsiku la khumi ndi chitatu, ndikusankha mbewu pabwalo, njinga inaima kumsewu. Akazi anga anatsika ndi kachikwama ka m'manja ndi kathumba ka nyemba. Anavala yabuluu ija.

"Mwatsala bwanji, abambo?"

"Tatsala bwino, kaya inu mwayenda bwanji? Amayi ali bwanji?"

"Maso ndiwo atha. Kudya akudya."

"Sutikesi?"

"Yatsala."

Anayang'ana pabwalo posasesa, anawerenga anapiye ndi maso, analowa m'nyumba, anatulukanso. Anagwira pakona pa nsalu yomwe anavala n'kuifikisa ndi zala ziwiri.

"Munasankha nokha?"

"Ndekha."

"Ikusuluka. Ndangoichapa kawiri. Munagula sitachi."

Alongo anga anasunga mawu awo. Mwezi wotsatira anaitana ankhoswe ndi ana awo onse asanu, ndipo ananena za dimba ndi nyumba momveka, kawiri. Anyamata aja anamvetsera ataweramitsa mitu n'kunena kuti amva. Ine ndinalemba zonse papepala, onse anasaina, ndipo pepalalo lili m'Baibulo. Ndakhala pa maliro ambiri, ndipo ndikudziwa mmene mphamvu ya pepala imathera mwini wake akatsitsidwa m'manda. Akazi anga nawonso akudziwa.

Mu Okutobala, pa tsiku la anakubala, anati mutu ukuwapweteka ndipo anatsala kunyumba. Nkhuku tinaphika ine ndi mng'ono wanga. Zinali zosapsa kumafupa. Anakubala anadya akudandaula.

Chaka chino akazi anga nsalu anasankha okha, mu Malichi, pamodzi ndi alongo anga. Anakangana m'sitolo mpaka wogulitsa anatopa nawo. Pa seveni anakhala pakhonde akazi anayi, onse ofiirira a madontho akuda, ine ndikuwaperekera tiyi ndi buledi. Ng'oma kunalibe. Anthu odutsa ndi makasu ankaima.

"Kodi kuli ukwati?"

"Kuli tchuthi," ankayankha alongo anga. "Simunamve pa wayilesi?"

Isanakwane teni koloko lole ya mbatatesi inaliza hutala kumsewu, ndipo atatuwo anadzuka kukasintha. Akazi anga anakhalabe pampando mpaka masana, akuyang'ana kumapiri a kumalire. Kenako nawonso anatenga chothirira n'kutsikira kudimba.

Za sutikesi ndawafunsa kamodzi kokha, tikubwera kutchalitchi mwezi wathawu. Ndinati msewu wauma, mwina ndipite ndikaitenge.

"Isiyeni," anatero. "Siikudya kanthu kumeneko."